Kwa mayi amene mwafunsa za mphumu ya mwana ndi asilikali a m'magazi

Mayi, mwafunsa kuti ngati maselo oyera a m'magazi ndi asilikali otiteteza, zikutheka bwanji kuti akuchipatala anene kuti omwewo ndi amene akum'banikitsa mwana wanu. Wanga wachiwiri nayenso ali ndi mphumu, ndipo timakhala kuno ku Dedza, komwe chisanu cha Juni ndi Julayi sichiseweretsa. Ndakhalapo naye usiku wonse, atatsamira pachifuwa panga, kamluzu kakulira m'chifuwa mwake.

Asilikaliwa alipo a mitundu yambiri. Mwa mwana wa mphumu yotereyi, ena a iwo amasokoneza mdani. Fumbi la m'mabulangete, mungu wa udzu, mphemvu kapena ubweya wa mphaka amazitenga ngati matenda. Maselo oyera otchedwa B amapanga IgE, puloteni yozindikira mdani, yomwe imakamatirira pa maselo ena okhala m'njira za mpweya, otchedwa mast. Mwana akangopuma fumbi lija, maselo a mast amakhuthula histamine ndi zina zotupitsa, ndipo pamphindi zochepa timinofu tozungulira njirazo timafinyika, makhololo n'kuchuluka.

Zimene ambiri sitidziwa ndi zoti patapita maola angapo pamabwera gulu lachiwiri, la ma eosinophil. Awa ntchito yawo yeniyeni ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba ndi likodzo, choncho amanyamula ululu wamphamvu. Akafika m'mapapo momwe mulibe njoka, ululuwo umawaula khungu la m'kati mwa njira za mpweya. Ndiye mumakutumula mabulangete masana, mwana ali bwinobwino, koma pofika pakati pa usiku kutsokomola kwayamba. Njira zowaukazo sizichedwanso kutsekeka zikakumana ndi mphepo yozizira kapena utsi. Ife tinasiya kulowetsa mbaula m'nyumba, ngakhale kuzizire chotani.

Apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetsetse. Mankhwala opopera a buluu aja, salbutamol, amangomasula timinofu tofinyika kuti mpweya udutse. Ma eosinophil sawakhudza. Owaziziritsa ndi a bulauni, beclomethasone, ndipo amagwira ntchito pang'onopang'ono, akamapoperedwa tsiku ndi tsiku ngakhale mwana akuthamanga ndi anzake. Ine ndinalakwitsa pamenepa. Nditaona kuti wachira ndinam'siyitsa, poopa zonena za anthu zoti akazolowera sadzathanso kupuma popanda mankhwala. Sipanathe mwezi tinagonekedwa. Zozolowerazo si zoona, chonde musazimvere.

Ngati mwanayo ndi wamng'ono, afunseni anamwino akuonetseni kupopera kudzera m'botolo la pulasitiki la mamililita 500 lobooledwa kumatako kwake, kuti mankhwala afike m'mapapo osathera pakhosi. Akamaliza a bulauniwo azichukucha m'kamwa ndi madzi.

Popeza mwati magazi aonetsa kuti ma eosinophil achuluka, pemphaninso amuyeze chimbudzi ndi mkodzo. Kuno kwathu njoka ndi likodzo nazo zimawachulukitsa, makamaka mwa ana okonda kusamba kumadambo.

Mukadzaona kuti akulephera kumaliza mawu, nthiti zikulowa m'kati popuma, kapena milomo yasintha mtundu, mum'popere a buluuwo ndipo nyamukani nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.