Amuna anga akundimenya chiwachotsereni ntchito

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 24 ndipo ndili ndi mwana mmodzi. Amuna anga anachotsedwa ntchito chaka chatha, kotero banja lathu likudalira kabizinesi kanga ka kaunjika. Ndikaweruka kumsika amandilanda ndalama zonse, ndipo ndikawauza kuti zina ndi mpamba amandimenya, amvekere ndikuwaderera chifukwa ndi lova. Apongozi akuti ndipirire, zidzatha akadzapeza ntchito ina. Kodi ndidikire?

Wosautsidwa, Ndirande

Mwana wanga,

Sindikukana kuti ulova umapweteka, makamaka kwa mwamuna amene analeredwa ndi mawu akuti mwamuna ndiye mutu wa banja. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zakwera mtengo, ndipo abambo ambiri amene akungokhala pakhomo amadziona ngati achabechabe akamadya za mkazi. Manyazi amenewo ena amawasandutsa ukali, n'kumautulira pa munthu amene sangabwezere. Komatu amuna osagwira ntchito alipo ambirimbiri m'dziko muno amene sanakwezepo dzanja pa akazi awo, choncho kumenyako ndi kusankha kwa amuna akowo, ndipo palibe angakutsimikizire kuti malipiro akadzabwerera dzanjalo lidzatsika.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi mpambawo. Atsikana ambiri amakakamira m'mabanja ankhanza chifukwa alibe podalira, ndipo mpamba wakowo ukatha, nawenso udzasowa kolowera. Usamafike nazo kunyumba ndalama zonse. Zina uzisunga ku banki mkhonde kapena pa foni, nambala yachinsinsi ukhale ukuidziwa wekha.

Apongozi akukamba ngati kholo la mwana wawo, ndiye usadabwe nawo. Itana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo uwafotokozere mosabisa kuti ukumenyedwa, osati kungoti m'nyumba muli kusamvana. Dziwanso kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera kulanda ndalama ngati nkhanza, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso chokuteteza ngakhale banjalo lisanathe. Akadzakumenyanso, usadikire bwalo la ankhoswe. Tenga mwana, upite kupolisi ku nthambi ya Victim Support Unit, kumene adzakupatsa kalata yokayezetsa kuchipatala, kapena uimbe mwaulere pa 5600, nambala ya bungwe la YONECO yothandiza ochitiridwa nkhanza. Lero lomwe uuze m'bale wako mmodzi wodalirika, amene angakutsekulire chitseko ngakhale pakati pa usiku.

Azakhali