Kuyankha amalume pa gulupu: za kozi ya zilankhulo ku Chanco

Amalume mwaswera bwanji, ndaona funso lanu pa gulupu, ndati ndingojambula mawu chifukwa kutaipa ndichedwa. Mukuti msuweni wangayu akufuna atenge African Languages and Linguistics ku Chanco, nde inu mukudabwa kuti munthu akakhale ku Zomba zaka 4 kuphunzira Chichewa choti amayankhula kale pakhomo, ntchito adzaipeza kuti. Eee funsolo ndi lomveka, fizi mukulipira ndinu.

Koma choyamba amalume, si Chichewa cha ku sekondale chija ayi, cha miyambi ndi chimangirizo ndi kalata yopita kwa agogo. Kumene kuja amaphunzira mmene chilankhulo chimagwirira ntchito mkati mwake, mmene mawu amatulukira pakamwa, kukweza ndi kutsitsa kwa liwu, kuphwanya mneni mzidutswazidutswa, nde amayerekeza Chichewa ndi Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, mpaka Chiswahili ndi Chizulu, kuona kuti magulu a mayina aja onse ali nawo chifukwa ndi banja limodzi la Bantu. Ndipo maphunzirowo ambiri amakhala mu Chingerezi, mabuku ake ndi okhuthala, ena amalowa akuganiza kuti apeza kozi yofewa kenako chaka chachiwiri nkumalira ndi syntax, phunziro la kapangidwe ka ziganizo. Olo akunja anayamba kalekale kufufuza zimenezi, Mark Hanna Watkins wa ku America analemba galamala ya Chichewa yomwe inatuluka mu 1937, ndipo amene ankamuuza mawu anali Kamuzu ali mwana wa sukulu ku Chicago.

Mbali imene ine ndimaikonda ndi ya ndale za zilankhulo, mmenemo nde muli nkhani. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka nkuchotsedwa pa wailesi ndi msukulu, mpaka pano anzathu akumpoto akamaikamba nkhaniyi mumamva kuti bala silinapole. Mu 1972 kunabwera Chichewa Board, ija inkatiuza kalembedwe koyenera, nde zipani zambiri zitabwera, mu 1996 anaika Centre for Language Studies ku Zomba konko kuti iziona zilankhulo zonse osati chimodzi, ndi amene anatulutsa mtanthauziramawu uja mu 2000. Kenako 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira mu Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Tangoganizani mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, kunyumba chilankhulo china, pabwalo china, mkalasi china, ndiye tizidabwa akafika Sitandade 4 osatha kuwerenga? Ine ndimaona kuti pamenepa tinalakwitsa monga dziko, ndipo amene angakonze ndi anthu ngati mwana wanuyu.

Za chikhalidwe zimalowanso, nthano, nyimbo za pamtondo, mayina a malo, Gule Wamkulu ndi Vimbuza zomwe UNESCO inazizindikira mu 2005, ndipo pofufuza zolemba za chaka chomaliza ena amapita mmidzi ndi foni kukajambula agogo, ena ku Mua ku Kungoni, malo osungira za chikhalidwe.

Tsopano za ntchito, apa sindikunamizani amalume. Simudzaona mu nyuzipepala atalemba kuti tikufuna wa African Languages malipiro mamiliyoni, sizichitika kawirikawiri, ndipo ambiri omaliza digiri iliyonse panopa akuyenda ndi ma envulopu mtauni, olo a Economics omwewo. Koma ntchito zilipo, zimangobwera ndi dzina lina. Uphunzitsi ndi woyamba, nde ngati mtima wake uli komweko bola atenge ya Education ya zilankhulo kuti pepala la uphunzitsi likhale mmanja. Ku Domasi ku MIE, Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi ndi mabuku a pulayimale amafuna odziwa kalembedwe. Kukhoti milandu imalembedwa mu Chingerezi pomwe woimbidwa mlandu akuyankhula Chiyao kapena Chisena, pamafunika womasulira wodziwa, chifukwa akapotoza pang'ono munthu akagona ku Maula. A Bible Society amamasulira Baibulo mzilankhulo zathuzi, mawailesi amafuna owerenga ndi kulemba nkhani, mabungwe a zaumoyo akamapanga kafukufuku mafunso awo onse amayenera kumasuliridwa, zojambula nkuzilemba, ndipo ganyu ameneyu amalipira bwinoko akakudziwa kuti ndiwe waukhondo pa ntchito. Panopa kwabweranso za makompyuta, Google Translate inaika Chichewa mu 2014 koma inunso mumaona mmene imaphonyera, makampani amasaka anthu okonza zimenezo.

Komanso msika wake si Malawi yekha. Ku Zambia Chinyanja chimaphunzitsidwa msukulu ku Eastern Province ndi ku Lusaka, ku Mozambique chili ku Tete ndi ku Niassa, ku Zimbabwe malamulo awo a 2013 anaika Chewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Pulofesa Sam Mchombo anakafika mpaka ku Berkeley ku America ndi Chichewa chomwechi. Sikuti aliyense adzafika kumeneko ayi, ndangotchula.

Chimene ndingamuuze iyeyo, asadzatuluke ndi Chichewa chokha. Aphunzire chilankhulo china chakuno mpaka kuchilemba bwinobwino, Chiyao kapena Chitumbuka, poti amayi ake ndi a ku Mangochi theka la ntchito latha kale, akhoza kuwonjezera Chiswahili poti SADC inachivomereza mu 2019, kapena Chifalansa. Chingerezi chake chikhale chakuthwa chifukwa womasulira amadya mbali zonse ziwiri. Ndipo kompyuta aidziwe, asamangodalira foni.

Nde musamukalipire amalume, mumufunse kaye kuti chamukoka nchiyani. Ngati akuthawa masamu basi, pamenepo tikambirane zina, koma ngati ndi uja amakonda kufunsa agogo kuti mawu awa anachokera kuti, musiyeni apite. Muuzeni andiimbire Loweruka madzulo ndikaweruka, anditumizirenso chithunzi cha makosi amene wapatsidwa chaka choyamba tione oti aphatikize. Mupereke moni kwa azakhali, muwauze ufa uja unafika.