Kusiyana kwa rise, raise ndi climb m'Chichewa

Funso: Aphunzitsi anandithetha nditalemba kuti "The trader rose the price", chonsecho ndinkadziwa kuti rise ndi kukwera. Kodi rise, raise ndi climb amasiyana bwanji? Wophunzira wa Fomu 3, Santhe, Kasungu.

Yankho: Aphunzitsi anu sanakulakwireni, ndipo kusiyanaku mumakudziwa kale m'Chichewa. Simunganene kuti wamalonda wakwera mtengo wa sopo, chifukwa wokumvani angayambe kumufunafuna m'nthambi; mumati wakweza mtengo. Rise ndi mneni wosayambukira, kutanthauza kuti salandira pamtherankhani, pomwe raise ndi woyambukira: pamakhala wochita ndi chinthu chochitidwa. Banki yaikulu ya dziko lino itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu inakwera, apa Chingerezi chimati rose, koma eni magolosale pa Santhe ndiwo anaikweza, ndipo apa chimati raised. Ife timangosintha tsinde la mneni mmodzi yemweyo, monga timachitira pa kubwera ndi kubweza kapena kudzuka ndi kudzutsa.

Climb sayenera kukuvutani. Kawirikawiri amanena za kupita pamwamba mogwiritsa ntchito miyendo, nthawi zina ndi manja omwe, monga pokwera phiri la Kasungu.

Chimene ndikufuna musamale nacho kwambiri ndi kuganiza kuti paliponse pamene pali rise payenera kukhala kukwera. M'mawa dzuwa limatuluka, ndipo tikati lakwera ndiye kuti kwacha kalekale, alimi atopa kale ndi khasu. Munthu amadzuka pamphasa, amaimirira pamsonkhano. Mtsinje wa Bua umadzaza nthawi ya dzinja, kenako n'kusefukira. Ufa wokanda wa mandasi umafufuma. Zonsezi Mngerezi angazinene ndi rise, koma Chichewa chimayang'ana chinthu chimene chikuyendacho ndi mmene chikuyendera, n'chifukwa chake aneni athu pano ndi ochuluka.

Raise nayenso ali chimodzimodzi. Timakweza mawu, mbendera ndi malipiro, komanso munthu amakwezedwa pantchito, koma ana timalera, mbuzi timaweta, ndipo ndalama zomangira tchalitchi timasonkha kapena kutolera. Womasulira akalemba kuti mpingo ukukweza ndalama, Mchewa wa ku Chamama amamva kuti chopereka chawonjezeredwa, pomwe uthenga unali woti anthu ayambe kusonkha.