Gombe, doko ndi ngalawa za ku Ilha de Moçambique

Funso: Mayi wina wa ku Mangochi akufuna kulemba za ulendo wawo wa ku chilumba cha Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Akufunsa ngati madzi a kumeneko angawatche nyanja monga yathuyi, ngati gombe ndi doko n'chimodzimodzi, komanso dzina la zombo zoyenda ndi mphepo zimene anaziona.

Yankho: Mayi, nyanja ndi nyanja ndithu, koma mukangolemba choncho ife timaganiza za chambo ndi usipa. Poyamba penipeni lembani kuti nyanja yamchere, kenako mutha kumangoti nyanja.

Gombe ndi mphepete monse mmene madzi akumana ndi mtunda, kaya pali mchenga kaya miyala. Doko ndi malo amene anthu anasankha pagombepo kuti azikochezapo ndi kutsitsirapo katundu. Chilumbachi chazunguliridwa ndi gombe, koma chinatchuka chifukwa cha doko. Aluya ndi Aswahili ankachitapo malonda Mpwitikizi woyenda panyanja Vasco da Gama asanafike mu 1498, ndipo patsogolo pake Ayao ankasenza minyanga kuchokera kuno kumtunda kukagulitsa kumeneko. Akapolo nawonso ankakwezedwa padoko lomweli, ndiye musawaiwale m'nkhani yanu.

Pa zombo ndipo pamene ndikupemphani kusamala. Bwato ndi losema ku mtengo umodzi, lopalasa ndi nkhafi. Zimene munaonazo n'zokhoma ndi matabwa, zili ndi mlongoti, ndipo nsalu yake ya ngodya zitatu ndiyo imakola mphepo. Nsaluyo dzina lake ndi thanga, zikachuluka ndi matanga. Choncho lembani kuti ngalawa ya thanga. Mawu akuti boti asiyireni cha injini. Zimandiwawa kuona mawu akuti thanga akuzimiririka, chonsecho m'nyanja yathu yomweyi a Jumbe a ku Nkhotakota ankawolokera kutsidya pa ngalawa zoterezi.

Chimpanda chamiyala cha São Sebastião, chimene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1558, ndi linga. Katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, ka mu 1522, kali kunsonga kuseri kwa lingalo, ndipo "ka" ameneyu akuyenera chifukwa ndi kakang'onodi.

Malo onsewa musawatche mudzi, popeza linali likulu la Mozambique mpaka 1898. Mbali ya nyumba zamiyala itcheni tauni yakale. Mbali ya Macuti, kumene kumakhala asodzi ambiri ndipo madenga anali ofolera ndi masamba a kokonati, anthu sangadabwe mukaitcha mudzi wa asodzi.

Chilumba ndi chisumbu onse ndi mawu abwino, kungoti chisumbu masiku ano amamveka kwambiri m'Baibulo. Munthu amapita kuchilumba, akawoloka mlatho wautali wochokera kumtunda ndiye kuti ali pachilumba.