Kodi woimba timpani amamvetsera chiyani pachikopa cha ng'oma?

Funso: Akonzi, ndinaonera pa kanema gulu lalikulu la oimba la okesitira, ndipo kumbuyo kwenikweni kunali bambo wina atazunguliridwa ndi ng'oma zinayi zonga miphika ikuluikulu ya mkuwa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anzake ali mkati moimba, iye ankawerama n'kuika khutu pafupi ndi chikopa. Kodi ng'omazi n'zotani, nanga bamboyo ankamvetsera chiyani?
Wowerenga wathu

Yankho: Mwaona bwino, ndipo zimene mwaonazo ndiye pagona luso lonse la ng'omazi. Dzina lake ndi timpani, mawu ochokera ku Chitaliyana, ndipo zimasiyana ndi ng'oma zambiri chifukwa iliyonse imakungidwa kuti itulutse liwu limodzi lodziwika, logwirizana ndi zitoliro, malipenga ndi zipangizo zazingwe. Bamboyo ankakunga ng'oma yake nyimbo ili mkati. Amagogoda chikopa pang'onopang'ono ndi chala kuti amve yekha ngati liwu lakhala bwino, uku akuwerenga mumtima nthawi imene yatsala kuti alowe. Kwa ine, palibe ntchito ina m'gululi imene imafuna khutu lakuthwa chonchi, popeza amasaka liwu lam'tsogolo pamene anzake akuimba mawu ena.

Mphika wake nthawi zambiri umakhala wa mkuwa, ndipo mpweya wam'katimo umathandiza kuti liwu limveke loyera. Pamwamba amakungapo chikopa cha mwana wa ng'ombe kapena cha mbuzi, ngakhale kuti kuchokera m'zaka za m'ma 1950 ambiri amagwiritsa ntchito pulasitiki. Chikopa chenicheni chili ndi liwu lokoma, koma chimakhwepa kukakhala chinyezi n'kukungika kukauma, moti woimba sachichotsa khutu. Pa ng'oma zinayi zija, yaikulu imakhala pafupifupi masentimita 81 m'mimba mwake pamene yaing'ono imakhala 58.

Gwero lake ndi ting'oma tiwiritiwiri ta Aarabu totchedwa naqqara, timene tinafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1200. Zikuluzikulu zinabwera m'ma 1400, zitamangiriridwa pa akavalo, ndipo zinkaimbidwa limodzi ndi malipenga pankhondo komanso pamaso pa mafumu. Wopeka nyimbo wa ku France, Jean-Baptiste Lully, anali m'gulu la oyamba kuzilowetsa mu okesitira, m'sewero lake lanyimbo la mu 1675. Pa nthawiyo woimba ankakunga chikopa popotokola zomangira chimodzichimodzi ndi manja, ntchito yochedwa imene inachititsa kuti opeka nyimbo azikhutira ndi mawu awiri okha. Wopeka nyimbo wa ku Germany, Beethoven, anazipatsa ulemu wina pozilola kulankhula pazokha, ndipo Hector Berlioz wa ku France mu 1837 anafika polemba nyimbo yamaliro yofuna ng'oma 16 ndi oimba ng'omazo 10. Zinthu zinasintha kwambiri mu 1881, pamene Carl Pittrich wa mumzinda wa Dresden ku Germany anakonza chopondera chimene chimakunga kapena kukhwefula chikopa chonse nthawi imodzi, manja ali pantchito yawo.

Pakaimbidwe, woimba samenya pakati pa chikopa, chifukwa pamenepo liwu limatuluka logontha. Amamenya pafupifupi masentimita 10 kuchokera m'mphepete, n'kudzutsa kamtengo komenyera msanga kuti chikopa chinjenjemere momasuka. Timitengoto timakutidwa kunsonga ndi ubweya wofewa, ndipo woimba amakhala nato tambiri, tolimba ndi tofewa, malinga ndi liwu limene akufuna. Mkokomo wonga bingu umene mwina munaumva umabwera posinthanitsa manja mofulumira, dzanja lililonse kumenya kamodzi. Kuletsa liwu nakonso ndi luso, pakuti ng'oma yaikulu imalira nthawi yaitali, ndipo ikasiyidwa imasokoneza mawu otsatira, choncho woimba amaikhudza ndi nsonga za zala kuti ikhale chete pa nthawi yake. Mukadzaoneranso, mudzayang'anenso kumene kuli ng'oma yaikulu, chifukwa oimba a ku Germany ndi ku Austria amaiika kudzanja lamanja pamene a ku America amaiika kumanzere.