Amalume ake akuti ndikumusandutsa mkazi

Azakhali,

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 15, ali Fomu 2. Bambo ake ali ku Joni, amabwera pa Khirisimasi pokha. Mwanayu amaphika, amatsuka mbale, amasambitsa mng'ono wake. Koma mlongo wanga akuti ndikumusandutsa mkazi, ndipo amamuseka pagulu kuti msinkhu wonsewu sanafunsirepo mtsikana. Pano wayamba kukana ntchito, akumafika pakhomo usiku. Kodi ndamulera molakwika?

Mayi wa ku Ndirande

Mayi,

Simunalakwe. Kodi amuna anu ku Joniko amawaphikira ndani? Mthiko sunachotsepo munthu umuna.

Amene akundidetsa nkhawa ndi amalumewo. Kwathu kuno malume ndi mwini mbumba, ndipo mnyamata amene bambo ake ali kutali amameza mawu a malume osatafuna. Mukamakalipira mwanayo pomwe iwo akupitiriza kumuseka, muluza ndinu.

Kale mnyamata akatha msinkhu ankachoka m'nyumba mwa mayi ake n'kukagona ku mphala. Achewa ankamutengera ku dambwe, Ayao ku jando. Zina za kumeneko tingatsutsane, koma pobwerako ankayembekezeka kulemekeza akulu, kugwira khasu, kufolera nyumba ndi kuthandiza kukumba manda pamaliro. Umuna unkayezedwa ndi katundu amene munthu wasenza. Mu Ndirande mphala mulibe. Yalowa m'malo mwake ndi foni, malo obetcherana mpira ndi anzake amene nawonso akungopenekera.

Muwaitane alongo anuwo panokha, mwana palibe. Muwafunse kuti mwanayu akapereka mimba, adzasenze ndani. Muwakumbutsenso kuti kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatire kapena kukwatiwa. Kenako muwapatse ntchito. Ngati ali ndi luso lamanja kapena geni, azimutenga Loweruka akaphunzire. Akakana kusintha, pezani bambo wina wokhulupirika, kaya kumpingo, kumzikiti kapena kusukulu.

Bambo akenso asamangotumiza ndalama. Aziimba pa WhatsApp n'kucheza ndi mwanayo awiriwiri, inu mutatuluka: za kusintha kwa thupi, atsikana, mowa, ngakhale mavuto amene iwo akukumana nawo kumeneko.

Za kufika usikuzo musalekerere. Muikireni nthawi yolowera m'nyumba, ndipo tsiku lake lophika likhalepobe. Mukamamufunsa kumene amakhala, sankhani nthawi imene mukugwira ntchito limodzi. Anyamata ambiri samasuka ukawakhazika pampando n'kuwayang'ana m'maso.

Azakhali