Mayeso a SAT amakhala otani?

FUNSO: Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi anakhoza MSCE ndi mapointi 9 ndipo akufuna kukaphunzira ku America. Sukulu yomwe wasankha ikuti alembe kaye SAT. Ine ndimagulitsa zitenje, za mayesowa sindizidziwa. Kodi ndi ofanana ndi a MANEB aja? Nanga ndimugulire mabuku anji?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mundiyamikireko mtsikanayo, mapointi 9 sabwera ndi tulo. Koma ndalama ya mabukuyo ikhale kaye pa mfundo ya chitenje.

SAT imakonzedwa ndi bungwe la ku America la College Board, ndipo kuyambira mu 2023 ophunzira a kunja kwa America amalemba pa kompyuta, mu pulogalamu yotchedwa Bluebook. A MANEB amatenga masabata, pomwe awa amatha m'mawa umodzi: maola 2 ndi mphindi 14, osawerengera nthawi yopuma. Amayamba ndi kuwerenga ndi kulemba Chingerezi, mafunso 54 m'mphindi 64. Akapuma mphindi 10 kumabwera masamu, mafunso 44 m'mphindi 70. Chimangirizo mulibe, zoloweza za Agriculture kapena History mulibenso. Funso lililonse la Chingerezi limakhala ndi kandime kakekake kakafupi ndi mayankho anayi oti asankhepo limodzi. Ku masamu mafunso ena amafuna alembe yekha yankho, koma kakyuleta ndi yololedwa ndipo ilimo kale mu pulogalamuyo. Malikisi amayambira 400 kulekeza 1600. Kuno timanyadira mapointi ochepa, uko amafuna ochuluka.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumve bwino. Phunziro lililonse lili ndi zigawo ziwiri, ndipo mafunso a chigawo chachiwiri amabwera molingana ndi mmene mwana wachitira choyamba. Akakhoza bwino, kompyuta imamupatsa ovutirapo, ndipo njira ya malikisi apamwamba ndi imeneyo. Akalakwitsa ambiri imamupatsa ophweka, koma malikisi ake sangakwere kwenikweni ngakhale awakhoze onse.

Ndinaziona ndi mnyamata wina yemwe ndinkamuphunzitsa masamu pakhonde panga ku Kawale, mutu wakuthwa ndithu. Tsiku loyamba kuyeserera anakakamira funso limodzi mphindi zisanu ndi imodzi, akufufutafufuta papepala, ine ndikuyang'ana wotchi ikutsika pamwamba pa sikirini. Mphindi 35 za chigawocho zinatha mafunso asanu asanawaone n'komwe. Atamaliza chachiwiri anadzuka akumwetulira, amvekere, "Sala, chomalizachi chinali chophweka!" Mtima unandipweteka, chifukwa ndinadziwa tanthauzo lake. Masamu ankawadziwa, koma anazolowera kuti funso salisiya lisanagonje. Ku SAT funso lovuta umaliika chizindikiro, n'kupitirira, n'kudzalibwerera nthawi ikatsala. Chigawo chikatsekeka sichitsegukanso. Komanso sachotsa malikisi ukalakwa, ndiye asasiye funso ngakhale limodzi losayankha.

N'chifukwa chake ndikuti mabuku adikire. Mu Bluebook momwemo muli mayeso athunthu oyeserera aulere, ndipo Khan Academy imaphunzitsa SAT kwaulere pa intaneti. Ndalamayo mumugulire bandulo, ndipo mumupezere laputopu, ngakhale yobwereka kwa amalume ake, azilemba Loweruka lililonse m'mawa, wotchi ikuyenda, osadzukadzuka. M'mawa umenewo mbale ndi tsache agwireko azing'ono ake. Mwana amene wakulira papepala amafunika masabata angapo kuti maso azolowere kuwerenga Chingerezi pa sikirini mothamanga, pakuti funso lililonse limapeza mphindi imodzi ndi timasekondi pang'ono.

Musanalipire kalikonse, mupite naye ku EducationUSA, ku ofesi ya kazembe wa America konkuno ku Lilongwe, akamulangize za masiku olembera ndi sukulu zomwe zimathandiza pa fizi. Pasipoti muyambiretu kukonza, ndipo polowa m'chipinda cha mayeso adzafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi chake. Ndipo poti magetsi athu mukuwadziwa, laputopu idzagone yodzadza usiku woti mawa lake ndi mayeso, chaja chili m'chikwama.